Alamu Anga ndi Thanki ya Njala

Geeveston, Tasmania
14 Epulo 2024

Amake Unaisi, Torika wanga,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana kwathuko pachilumba cha Kadavu. Ine ndili gwa, ndipo achimwene anu a Lepani ndafika nawo amphumphu, monga munandipatsira padoko paja. Ndasankha kalata chifukwa foni kumudziko ndi ya mudzi wonse. Mukakwera phiri kukasaka netiweki amayi onse a kutchalitchi amakwera nanu, ndiye munthu anganene bwanji zakukhosi?

Munandiuza kuti, "Atengeni achimwene, akapanda kuchoka pamudzi pano tiwaika m'manda chaka chino." Mawu amenewo ndikuyenda nawo. Zaka ziwiri chimwalirireni Akosita mkazi wawo, munthu osaseka, osaimba, chakudya kungochiyang'ana. Panonso akudya ngati mbalame. Thalauza la ntchito anawapatsa laling'ono pa onse, komabe tachita kulimanga ndi chingwe.

Ntchito yokha aipeza. A Dokotala Maree, mayi aja ndimawathandiza pa kafukufuku wa zakudya za nsomba za samoni, anawayang'ana n'kunena kuti, "Sakiusa, ngati ndi mlamu wako ayambe. Koma miyezi itatu yoyamba ndi yowayesa." Ndiye tili limodzi m'shedi ya mathanki. Chaka chino mayiwa akufufuza izi: nyengo yotentha madzi a m'nyanja akafunda, samoni imasiya kudya, imaonda, ina imafa kumene. Nanga madzi akaziziranso, tiziyamba kuipatsa chakudya chotani kuti m'mimba mwake musavute? Chakudyacho ndi timibulu tangati manyi a mbuzi. Thanki ina ikudya tamafuta a nsomba, ina tamafuta a mbewu, ina theka chabe, ndipo zonse zimayamba zakwera sikelo.

Lachisanu ndinawaphunzitsa kuponya chakudyacho. Nsomba zitalumpha n'kuwathira madzi kumaso, ndinaona milomo yawo ikugwedera. Ndinati, "Alamu, kumeneko ndi kuseka? Ndimulembere Torika?" Anati, "Khala chete iwe, wakuba alongo a eni." Chichokereni mumzinda wa Suva anali asanalankhule mawu ambiri chonchi, ndipo ine mtima unakhala pansi.

Ndalama ndatumiza. Mumugulire Unaisi nsapato za kusukulu, zotsalazo zipite ku malata. Kava wathu wa kuphiri, mbewu ija timasinja mizu yake n'kumwa, asamuzule aliyense, ngakhale ogula abwere ndi mawu ozuna, sanakhwime. Kuno kuzizira kwayamba, ndipo chinangwa amagulitsa cha m'firiji pamtengo woti mutaumva mungakomoke.

Ndine wanu yemwe uja,
Sakiusa

26 Meyi

Amake Unaisi,

Landirani moni wochokera ku chisanu. Kalata yanu yafika, ndakondwa kuti chifuwa cha Unaisi chatha. Ife tili bwino. Tsopano khalani pansi musanapitirize: achimwene anu akudya. Sabata yatha anamaliza mbale yawo n'kuyamba kusuzumira yanga. Chingwe cha thalauza tataya, ndipo buledi ndayamba kubisa pamwamba pa kabati.

Nsombazi zawalowa mumtima. Ife timazidziwa ndi manambala, poti iliyonse ili ndi kachitsulo kangati njere ya mpunga pansi pa khungu, koma iwo azipatsa mayina a anthu a kwathu. Ilipo yonenepa yolanda zinzake chakudya, imeneyo akuti ndi Sakiusa. Ilipo ina yosapuma, yongozungulira n'kumalondola zinzake. Dzina lake sindikuuzani, koma ndi la mkazi wa amene akulemba kalatayi.

Tsiku loyeza kulemera timaziika m'madzi a mankhwala ogonetsa, zimalefuka ngati bambo wakhuta kava, kenako pa sikelo. Alamu amazinyamula ngati makanda, uku akuzinong'oneza, "Pepa, pepa, tatsala pang'ono." A Dokotala anawaonetsa mnofu n'kuwauza kuti kufiira kuja anthu amakulipirira ndalama zambiri kumachokera m'chakudya. Samoni ya m'nyanja imakupeza podya tinkhanu ting'onoting'ono, ikapanda kudya zotero mnofu umatuwa. Alamu anati, "Ndiye amayi, Sakiusayu akusowa chiyani kuti atuwe chonchi?" A Dokotala anaseka mpaka kugwetsa cholembera m'madzi.

Lero kutchalitchi kwathu, komwe timasonkhana ndi anzathu ogwira ntchito m'minda ya maapulo, a Lepani aimba. Besi ija, Torika, yonse. Ndinalira, sindibisa, koma anthu ndinawauza kuti ndi chimfine.

Kafukufuku wafika pachimake. Thanki ya kumapeto aifunditsa madzi ngati nyengo yotentha, ndipo nsomba zake zikhala milungu isanu ndi umodzi osalawa kanthu. A Dokotala akuti samoni ndi yopirira, mumtsinje imatha miyezi osadya ikamapita kukaikira mazira. Apachikapo chikwangwani chofiira cholembedwa kuti MUSADYETSE. Alamu anaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinawafotokozera zonse, anangoti, "Ndamva." Kenako anapempha kuti mbali imeneyo azisesa ndi iwo, ndiponso kuti Lamlungu aziyang'ana mathanki okha, ine ndizipuma. Mlamu wotere sapezekapezeka, ndinavomera asanasinthe maganizo.

Denga la khitchini mulisiye, ndidzakhoma ndekha mu Sepitembala ndikabwera kutchuthi.

Wanu,
Sakiusa

16 Juni

Amake Unaisi,

Moni nonse. Thupi lili bwino, kungoti tulo tikuvuta pang'ono masiku ano. Alamu ali bwino kundiposa. Masaya atuluka, ndipo amayi ena amasiye a kutchalitchi ayamba kutibweretsera mapoto a chakudya. Ine zaka zinayi kuno sanandipatsepo ngakhale nthochi.

Kuntchito kuli chisangalalo. Tinayeza nsomba za m'thanki ya njala ija, ndipo sizinaonde. Zina zawonjezerako. A Dokotala anayamba akayikira sikelo, anabwereka ina, nayonso inanena zomwezo. Tsopano akuyenda ngati mtsikana wopeza banja, akuimbira foni anzawo a ku Hobart, mabuku ali mbwee patebulo. Anandigwira phewa n'kunena kuti, "Sakiusa, zaka khumi ndikuweta nsomba izi sindinaonepo zotere." Ine ndinati, "Inenso, amayi." Sindinaname.

Torika, pochapa jekete la alamu ndinapeza zinthu m'matumba. Mwina munthu akhoza kuiwala timibulu tiwiri m'thumba, zimachitika. Koma matumba onse, mpaka a thalauza, kununkha mafuta a nsomba. Ndinatuluka kukawafunsa, n'kuwapeza akusenda anyezi uku akuimba nyimbo ija ankaimba ndi Akosita pokolola. Munthu amene mwamudikira zaka ziwiri kuti aimbe, mungamudule mawu? Ndinabwerera kukachapa.

Miyezi yawo yoyesedwa ikutha mwezi wamawa. Akangodutsa pamenepo amapatsidwa pepala la zaka zitatu. Akalephera ndi ndege, kubwerera kukakhala m'nyumba muja okha. Ndikaganiza zimenezo chakudya sichitsika.

Ndamva kuti Inoke, mwana wa a Waisea, akubwera kuno mu Julaye kudzadulira mitengo ya maapulo. Ndinati kava asazulidwe, tsopano ndikuti zulani tsinde limodzi, lalikulu lija la pafupi ndi mwala. Mizu muitsuke bwino poti pabwalo la ndege salola dothi, iume, muimange monga timamangira popita kwa akuluakulu, mumupatse Inoke. Musandifunse. Ikapanda kupeza ntchito tidzangomwa.

Unaisi mumuuze kuti masamu sathawidwa, bambo ake ndikudyera sikelo.

Wanu,
Sakiusa

30 Juni

Amake Unaisi,

Moni. Tili moyo. Chimene ndinkachiopa chija chachitika, ndipo chachitika pamaso pa keke.

Lachinayi pa nthawi ya tiyi a Dokotala anabwera ndi keke yaikulu. Anati, "Sindinakhulupirirebe, ndipo mawa nding'amba nsomba zingapo ndione m'mimba. Koma ngati samoni ilidi ndi njira yosungira thupi pa njala yomwe sitinkaidziwa, ndi nkhani yaikulu. Zikomo nonse pozisamalira." Mukudziwa inu kuti kwathu munthu wamkulu akathokoza, wina ayenera kuyankha. Ndisanawagwire mwendo, alamu anali ataimirira kale, manja kumbuyo ngati pa msonkhano wa mudzi.

Anati, "Amayi, musathokoze ine, thokozani Mulungu. Ine changa ndi chochepa. Kadzanja kamodzi m'mawa, kena madzulo, Lamlungu timanja tiwiritiwiri poti ndi tsiku la Ambuye."

A Dokotala anali atanyamula mpeni wa keke, anauika pansi pang'onopang'ono. Anafunsa, "Lepani, kadzanja ka chiyani?"

"Ka chakudya, amayi. Si chanu choyeza chija ayi, chimenecho sindinakhudze, ndikudziwa ndi chodula. Ndimatapa m'thumba la kuseri."

"Chikwangwani sunachione? Sakiusa sanakuuze?"

"Anandiuza, amayi. Koma Sakiusa amamumvera ndani?"

Mnyamata wina woyendetsa galimoto anaseka, n'kuona kuti ali yekha, anasiya. A Dokotala anatembenukira kwa ine. "Iwe unkadziwa?" Ndinati ndinkaganizira. Anati, "Milungu iwiri ndikuimbira anthu foni, iwe ukungondiyang'ana?" Ndinasowa pobisa nkhope. Anatuluka, keke n'kutsala yosadula.

Kafukufuku yense wapita m'madzi, pakuti thanki imeneyo ndiyo inali yoyerekezera zinazo. Bwana wa malo ano waimitsa alamu mpaka kutha kwa Julaye, ndipo akuti maganizo ake ndi owabweza. Alamu atamvetsa kukula kwa chimene achita anangolowa m'chipinda. Sakuimba. Dzulo ndinaphika nsomba ya mkaka wa kokonati, anailawa n'kukankha mbale. Buledi ndamutsitsa pakabati, palibe womukhudza.

Musauze anthu a kumudziko. Mutipempherere, ndipo Inoke asaiwale katundu uja.

Sakiusa

28 Julaye

Amake Unaisi wokondedwa,

Moni wachimwemwe kwa inu ndi ana. Tili bwino, ndipo mizu yafika. Manja anu adalitsike, munaimanga ngati yopita kwa mfumu yaikulu. Abusa athu ataiona anati, "Ndi mizu yotere tikhoza kupepesa ngakhale kwa ng'ona."

Tinapita kukapepesa kwa a Dokotala Lachisanu masana. Ine ndinkaganiza kuti tipita anayi, koma tchalitchi chonse chinabwera, amuna atavala masulu awo, nsalu zija timamanga m'chiuno, miyendo ili pamtunda m'chisanu chija. Tinalowa m'shedi n'kukhala pansi pa simenti yonyowa, mitu yowerama. A Dokotala atatipeza anadabwa. "Sakiusa, kwagwa maliro?" Ndinati, "Ayi amayi, tabwera kudzagwa pamapazi anu. Khalani pampando." Koma mayiwa, pofuna kutilemekeza, anakhala nafe pasimenti pomwepo. Nanga wopepesa angafanane msinkhu ndi amene wamulakwira? Ife tinaweramiranso. Iwo poona zimenezo anaweramanso. Abusa, ndi mimba yawo ija, anatsika mpaka chipumi chinatsala pang'ono kulowa mu ngalande. Ndinachita kunong'oneza, "Amayi, chonde kwerani pa ndowa iyo, mutiphera abusa." Anakwera.

Abusa analankhula atagwira mizu, mawu onse a mwambo, ine ndikumasulira. Wolakwa sayenera kutsegula pakamwa, mukudziwa. Koma atamaliza, alamu anadzutsa mutu.

Anati, "Amayi, kuchipatala ku Suva, pamwamba pa bedi la mkazi wanga panali chikwangwani ngati chanu chija. Madokotala anati asadye kanthu mpaka amuchite opaleshoni. Anandipempha papaya. Anati, Lepani, kachidutswa kokha. Papayalo ndinali nalo m'chikwama. Ine ndinamvera chikwangwani, ndipo ku opaleshoniko sanafike. Madokotala aja sanalakwe, ndikudziwa. Inunso simunalakwe. Koma dzanja langali linakana kumvera kachiwiri."

Torika, za papayazi inu munkazidziwa? Ine ayi. Ndinazimva koyamba ndikuzimasulira.

A Dokotala anayang'ana mizu ija. Kenako anati, "Lepani, ndakwiyabe. Miyezi itatu ya ntchito yanga yapita, ndipo mawa ndidzadzuka ndili wokwiyabe. Nsomba zija sindizimana chifukwa cha nkhanza. Zikumva njala zochepazi kuti zikwizikwi za kunyanja zidzathe kudyanso kukatentha." Alamu anagwedeza mutu. Mayiwa anafunsa abusa, "Ndikalandira mizuyi ndiye kuti chiyani?" Abusa anati, "Ndiye kuti nkhani taikwirira, siidzafukulidwanso." Iwo anati, "Kwathu kuno nkhani timailemba mu lipoti." Abusa anati, "Lembani amayi, mukatero mukwirire lipotilo."

Analandira. Anaomba m'manja mopyapyala ngati kumpira, ife tinaluma milomo kuti tisaseke. Tinasinja kava pomwepo. Atamwa chikho chawo anati akukoma ngati madzi a pachithaphwi, n'kupempha china.

Bwana wa malo ano sanamwe nafe, ndipo poyamba anakana. A Dokotala anakhala naye mu ofesi mpaka dzuwa kupendeka. Zomwe anakambirana sindikuzidziwa, koma chigamulo ndi ichi: alamu atsala. M'shedi yathu saloledwa kupondamo ngakhale chala. Awatumiza ku nyumba ya tiana ta samoni tongoswa kumene, tating'ono ngati singano, tomwe timafunika kudyetsedwa pafupipafupi tsiku lonse. Tangoganizani, munthu kumulanga pomupatsa ntchito yodyetsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Chilango chenicheni chagwera ine. Kafukufuku tiyambiranso ndi nsomba zatsopano, Lamlungu lililonse ndi langa, ndipo tchuthi cha Sepitembala chafa. Tidzafika pa Khirisimasi. Pepani, denga la khitchini mupemphe ana a a Waisea akhome mvula isanayambe.

Wanu wokusowani,
Sakiusa

27 Okutobala

Amake Unaisi,

Moni kwa inu, kwa Unaisi amene ndamva kuti wakhoza masamu, ndi kwa onse ofunsa za ife. Tili bwino kwabasi. Maapulo achita maluwa, chigwa chonse chayera, ndipo jekete tayamba kuisiya kunyumba.

Alamu pepala lawo la zaka zitatu latuluka. Tiana tawo takula msanga moti bwana yemwe uja ankafuna kuwabweza tsopano amabweretsa alendo kudzaona. Mayina anasiya kupereka, akuti anthu a ku Kadavu anatha tiana tisanathe.

Milungu ya njala yachiwiriyi sinali yophweka. Kiyi wa shedi ndinkagona naye m'khosi. M'mawa uliwonse alamu ankaima pakhomo, phazi kunja kwa mzere, n'kufunsa, "Zili bwanji?" Ine ndinkati, "Zaonda, alamu, koma zikusambira." Ankagwedeza mutu, manja ali m'matumba, n'kupita kwa tiana tawo. Ulendo uno zinaondadi monga a Dokotala ankayembekezera, mnofu unatuwa, ndipo sinafe ngakhale imodzi.

Njala inatha Lachiwiri. Madzi tinawaziziritsa, chakudya chatsopano chofewa m'mimba ndinachiyeza pa sikelo, ndipo ndinali pafupi kuponya pamene a Dokotala anandigwira mkono. "Dikira. Kaitane Lepani." Ndinati, "Amayi, saloledwa muno." Anati, "Lamulolo ndinaika ndine. Thamanga."

Anabwera akupukuta manja, ali ndi mantha, poganiza kuti alakwanso. A Dokotala anawalozera chikwangwani chofiira chija. "Chotsa icho." Alamu anachimasula pang'onopang'ono n'kuchiika pansi chozondoka. Mayiwa anawapatsa kabakuli ka chakudya. "Izi zokha, Lepani, osati za m'thumba mwako." Alamu anatulutsa matumba onse kunja kuti aone, tonse tinaseka.

Anaponya kadzanja koyamba. Nsomba sizinasunthe. Timibulu tinayamba kumira, ine mtima uli m'mwamba. Kenako imodzi inakwera n'kutola kamodzi, ina inatsatira, ndipo posakhalitsa madzi onse anawira. Alamu ankaponya uku akunena chapansipansi, "Idyani, idyani, nthawi yakwana." Misozi inali kutsika, osaipukuta. A Dokotala ankalemba manambala awo, koma ndinaona kuti pepalalo lanyowa, ndipo si madzi a m'thanki.

Poweruka alamu anati tidzere kusitolo yaikulu ya ku Huonville. Anazungulira mashelefu mpaka anapeza chimene ankafuna: papaya limodzi, lochokera ku Queensland, laling'ono loti kwathu tikanaponyera nkhumba, mtengo wake wa nkhuku yathunthu. Ndinati, "Alamu, dikirani Khirisimasi, kwathu akugwa okha." Anati, "Ndadikira kokwanira."

Tinakhala pakhonde dzuwa lisanalowe. Analidula pakati, anachotsa njere, theka anandipatsa. Lawolo analigwira nthawi yaitali, kenako anati, "Akosita, ndi ili," n'kuyamba kudya. Anadya lonse mpaka kupala khungu ndi supuni. Atamaliza anayang'ana langa n'kufunsa ngati ndilimaliza. Ndinawapatsa.

Tidzafika ndi sitima ya sabata ya Khirisimasi. Muphike chakudya cha anthu anayi, ngakhale tikubwera awiri.

Ndine wanu mpaka kale,
Sakiusa